Khomo la Chambers ndi Munthu Amene Aliyense Wamutaya

Tsiku lina titatha swala ya Asr, bambo wina amene ana ake onse adadutsa m'manja mwathu ku madrasa adatsalira pakhonde la mzikiti, akuchedwa dala kuvala nsapato. Anthu atabalalika adatiyandikira nati: "A Mwalimu, mwana wanga wamkazi uja wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo akuti akufuna kudzakhala loya. Kodi ntchito imeneyi si ya haramu? Munthu n'kumadya ndalama za akuba, n'kumayeretsa wakupha pamaso pa jaji?" Sitidawayankhe tsiku lomwelo. Funso lotere ukaliyankha mothamanga umangobwezera wofunsayo zimene wabwera nazo kale mumtima, ndipo njira ya mtsikana uja ikadatsekedwa ndi mawu osalingalira bwino.

Popeza mikanjo yakuda, mawigi ndi kayendetsedwe ka makhoti a dziko lino tidatengera ku England, tidaona kuti n'kwanzeru kuyang'ana kumene mwambowu udabadwira, ndi kumva mmene eni ake amayankhira funso la bambo aja. Nawonso lidawasautsa, ndipo lakhala likuwasautsa kwa zaka mazana.

Ku England ntchito ya uloya idagawidwa pawiri. Pali solicitor, amene munthu wa mlandu amayamba kumuona; iye amamvetsera nkhani, nasonkhanitsa mapepala ndi mboni. Ndiye pali barrister, katswiri wolankhula pamaso pa oweruza ndi womasulira malamulo ovuta, amene kawirikawiri amaitanidwa ndi solicitor uja. Kuno kwathu loya mmodzi amagwira zonse ziwiri, ngakhale zikwangwani za maofesi ambiri ku Blantyre ndi ku Lilongwe zidasunga mawu akuti Chambers. Aliyense wofuna kukhala barrister ku England ayenera kulowa limodzi mwa mabungwe anayi akale a mumzinda wa London: Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple. Gandhi adavomerezedwa ku Inner Temple m'chaka cha 1891, ndipo Muhammad Ali Jinnah ku Lincoln's Inn m'chaka cha 1896. M'mabwalo abata a mabungwewa muli nyumba zakale za njerwa, ndipo pakhomo pa iliyonse pali thabwa lolembedwa maina mondondozana. Nyumba yotere, pamodzi ndi anthu a maina amenewo, ndiyo chambers.

Chodabwitsa choyamba n'chakuti chambers si kampani. Eni maina aja si antchito a munthu, ndiponso sagawana phindu monga achitira eni sitolo imodzi. Aliyense amadzigwirira yekha ntchito ndipo amalandira zake zokha. Chimene chimawalumikiza ndi denga: amasonkha gawo la zimene apeza kuti alipire lendi, mabuku a malamulo ndi makalaliki. Amasankha mmodzi wa akuluakulu kukhala mutu wa nyumbayo, koma iye salamula mnzake mmene ayendetsere mlandu. N'chifukwa chake zimachitika kuti anthu awiri a m'nyumba imodzi, omwera tiyi m'khitchini imodzi, amakakumana ku khoti wina akuimira boma, wina akuimira woimbidwa mlandu. Zikatero makalaliki amasamala kuti mapepala a mbali ino asaonedwe ndi mbali inayo. Kalaliki wa m'chambers si wolemba makalata chabe. Ndiye amalandira foni ya solicitor, nayang'ana amene ali ndi mpata pa tsikulo, nakambirana za malipiro, natumiza barrister ku khoti la mzinda wakutali m'mawa mwake.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yonse ya barrister ndi kulankhula mokweza m'khoti. Gawo lalikulu limachitika patebulo. Amawerenga mapepala a mlandu nalemba maganizo ake, ndipo nthawi zambiri maganizowo amakhala akuti: musapite ku khoti, mudzaluza, gwirizanani ndi mnzanuyo. Amalemba zikalata zosumira ndi zoyankhira, amathandiza okangana kuyanjana kunja kwa khoti, ndipo nyumba iliyonse imakhala ndi mbali imene idazama: ina milandu ya upandu, ina ya mabanja ndi ana, ina ya malonda, ina ya zikalata zokhalira m'dziko, kumene abale athu ena okhala ku Britain adakumana nawo anthu amenewa. Wophunzira ntchitoyi amakhala chaka chathunthu pansi pa wamkulu. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba amangotsatira, kuwerenga ndi kumvetsera. Miyezi yotsalayo amaloledwa kuima yekha pa milandu ing'onoing'ono. Pamapeto pake eni nyumbayo amasankha ngati dzina lake lilembedwe pa thabwa lija. Ife amene tidaphunzira chipembedzo titakhala pa mapazi a masheikh kaphunziridwe kameneka sitikuona kachilendo. Odziwika kwambiri amapatsidwa ulemu wa King's Counsel ndi mkanjo wa silika. Za mawigi a ubweya wa kavalo tisatayirepo nthawi. Mu Okutobala 2019 khoti lomva mlandu wa chisankho ku Lilongwe lidalola maloya kuwavula chifukwa cha kutentha, ndipo chilungamo sichidachepe nazo.

Koma mtima wa nyumba zimenezi ndi lamulo limodzi, ndipo ndilo likukhudza funso la bambo aja. Angerezi adalitcha dzina lochokera pa siteji ya matakisi: woyendetsa amene ali kutsogolo kwa mzere amanyamula aliyense wafika, osayang'ana nkhope. Momwemonso barrister akatumiziridwa mlandu ndi solicitor, ngati mlanduwo uli m'mbali imene iye amaidziwa, ngati ali ndi nthawi, ngati palibe chomumanga ku mbali inayo, ndipo ngati malipiro ake ndi oyenera, saloledwa kukana. Sangakane chifukwa chakuti munthuyo ndi wonyansa, kapena kuti nyuzipepala zamuweruza kale, kapena kuti chipani chake kapena chipembedzo chake sachikonda, ngakhale chifukwa chakuti mumtima mwake akumuganizira kuti ndi wolakwa. Lamuloli lilipo mpaka lero m'buku la makhalidwe a ntchitoyi, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la Bar Standards Board.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi ndi la Thomas Erskine. M'chaka cha 1792 boma la Britain lidasumira Thomas Paine chifukwa cha buku lake lotchedwa Rights of Man, limene lidanyoza ufumu. Nthawiyo n'kuti ku France mfumu itachotsedwa pampando, ndipo akuluakulu a ku London anali ndi mantha. Erskine, amene anali loya wa mwana wa mfumu wolowa ufumu, adachenjezedwa kuti asaukhudze mlanduwo. Iye adautenga. Mfundo yake inali yakuti loya akakana munthu chifukwa cha zimene akumuganizira, ndiye kuti wadzisandutsa woweruza, ndipo waweruza nthawi ya chiweruzo isanakwane. Paine adapezeka wolakwa, ndipo Erskine adachotsedwa pa udindo wake uja. Patapita zaka zisanu, mu 1797, Erskine yemweyo adaima mbali yosumira munthu wina wosindikiza buku lina la Paine. Ena amaona chinyengo pamenepa. Ife tikuonapo tanthauzo lenileni la lamulo lija, lakuti kuimira munthu si kumuvomereza.

Tiyeni tsopano tilole mtima wa Msilamu ulankhule, pakuti bambo aja sadafunse mopanda maziko. Mu Surat An-Nisa, ndime ya 105 ndi zotsatira zake, Allah adaletsa Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) kukhala mtetezi wa anthu achinyengo. Ndipo tonse tidaphunzira kuti kuthandizana pa tchimo n'koletsedwa. Nanga munthu woopa Allah angalowe bwanji m'nyumba imene lamulo lake loyamba likumukakamiza kunyamula aliyense?

Yankho liyamba ndi nkhani imene idachititsa kuti ndime zimenezi zitsike. Akatswiri ambiri a tafsir amafotokoza kuti munthu wina wa fuko la Banu Ubayriq ku Madina adaba chovala chachitsulo chankhondo, ndipo ataona kuti agwidwa adachisiya kwa Myuda wina. Abale a wakubayo adabwera gulu kwa Mtumiki (s.a.w), nalankhula mokoma za ulemu wa m'bale wawo Msilamu, naloza chala Myuda uja. Katundu adapezeka m'nyumba mwake, anthu olemekezeka adamunenera, ndipo iye analibe fuko lomuzungulira. Chivumbulutso ndicho chidamuyeretsa. Tikaiwerenga modekha nkhaniyi timaona kuti wachinyengo anali ndi omulankhulira ambiri, ndipo amene aliyense adamuyesa wolakwa ndiye anali woyera. Ndimezo zikudzudzula amene adadziwa choona naimira bodza. Sizikunena kuti munthu wokayikiridwa asiyidwe yekha. Chivumbulutso chidatha, lero palibe mngelo amene adzatsike kudzayeretsa munthu wosalakwa mu khoti la majisitireti. Chatsala ndi umboni, ndi wina woti aufufuze mbali zonse.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa kudziwa ndi kuganizira. Ife a m'mphepete mwa nyanja tikudziwa mmene mphekesera imayendera padooko. Injini ya boti ikasowa usiku, dzuwa lisanafike pamutu dzina la wakuba limakhala lili pakamwa pa aliyense, ndipo wofunsa kuti ndani adamuona amayang'anidwa ngati mnzake wa mbavayo. Ku London nakonso zidachitika. M'chaka cha 1950 Timothy Evans, munthu wosaphunzira kwenikweni, adanyongedwa pa mlandu wopha mwana wake wakhanda. Mboni yaikulu ya boma inali John Christie, wokhala naye nyumba imodzi. Patatha zaka zitatu mitembo ya akazi idapezeka m'nyumba momwemo, ndipo zidadziwika kuti Christie anali chigawenga chopha anthu ambiri. Iye adavomera kuti adapha mkazi wa Evans. Boma lidakhululukira Evans mu 1966, ali m'manda. Tinene zoona: Evans anali naye barrister, amene adaloza Christie m'khoti, koma sadamvedwe. Kukhala ndi womuimira sikupulumutsa munthu nthawi zonse. Komabe tsiku lija, kupatula Evans mwiniwake, munthu mmodzi yekha m'chipindamo ndiye adanena zoona za Christie, ndipo anali yemwe anthu akadamutcha woyeretsa wakupha.

Fiqh yathu sidaione ntchito yoimira wina pa mlandu ngati yachilendo. Mabuku amaitcha wakala pa mikangano, ndipo amafotokoza kuti Ali bin Abi Talib (Allah asangalale naye) ankatuma m'bale wake Aqil kukamuimira pa milandu, ndipo pambuyo pake Abdullah bin Ja'far. Imam Abu Hanifa ankafuna kuti mbali inayo ivomereze kaye, pokhapokha ngati munthu akudwala kapena ali paulendo. Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, adaloleza popanda chilolezo chimenecho. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Anthu sadapatsidwe lilime lofanana. Mu hadith imene adaisimba Ummu Salama, yopezeka kwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (s.a.w) adachenjeza kuti iye amaweruza motsatira zimene wamva, kuti wodziwa kulankhula akhoza kupambana mnzake, ndi kuti chimene munthu walanda m'njira yotere ndi moto. Kawirikawiri timaiwerenga hadith imeneyi ngati chidzudzulo kwa maloya, ndipo ndi chidzudzulo ndithu. Koma ilinso ndi nkhope ina. Ngati wochenjera pakamwa angathe kupambana ngakhale pamaso pa Mtumiki, nanga mayi wamasiye wa chibwibwi, woima yekha pamaso pa alamu ake odziwa Chingerezi, adzathera kuti? Womuimira ndiye amalinganiza malilime awiriwo.

Mpaka pano njira yayenda bwino. Povuta ndi apa: bwanji ngati loyayo sakuganizira chabe, koma akudziwa?

M'chaka cha 1840 mkulu wina wa banja lolemekezeka, Lord William Russell, adapezeka atadulidwa pakhosi pabedi pake ku London. Wantchito wake wochokera ku Switzerland, François Courvoisier, adaimbidwa mlandu ku khoti la Old Bailey, ndipo womuimira anali Charles Phillips. Padali patangopita zaka zinayi chikhazikitsire lamulo la 1836 lololeza maloya kulankhula mokwanira m'malo mwa anthu oimbidwa milandu ikuluikulu, kotero anthu anali akuyang'anitsitsa kuti ufulu watsopanowu ubala chiyani. Mlandu uli mkati, ziwiya zasiliva zobedwa m'nyumba ya malemuyo zidapezeka pa hotela ina kumene Courvoisier adazisungitsa. Iye adaitana loya wake pambali namuuza kuti adaphadi, koma akufuna kuti amuteteze mpaka pamapeto. Phillips adasokonezeka, napita kukafunsa nzeru kwa mmodzi wa oweruza, Baron Parke, amene adamuuza kuti apitirize, pogwiritsa ntchito mfundo zonse zoyenera zochokera mu umboni. Phillips adapitiriza, koma adapyola malire. Adaukira apolisi mwaukali, ndipo ambiri adamva ngati akuponya chikayiko pa mtsikana wantchito wa m'nyumbamo, pamene iye ankadziwa wakupha. Courvoisier adanyongedwa pa 6 Julaye 1840, ndipo zitadziwika kuti loyayo ankadziwa, dzina la Phillips lidadetsedwa kwa zaka zambiri.

Kuchokera m'mikangano yonga imeneyi mudatuluka malire amene ma barrister amatsatira lero. Udindo wawo woyamba uli kwa khoti, ndipo saloledwa kulinamiza. Munthu akaulula kwa loya wake kuti adachitadi, loyayo sanganene kwa oweruza kuti munthu wanga sadachite, sangaitane mboni yonama yoti anali kwina, ndipo sangaloze munthu wina. Ngati woimbidwa mlandu aumirira kuti bodzalo linenedwe, loyayo amausiya mlanduwo. Ngakhale chigamulo chakale chimene chikutsutsa mbali yake, ngati akuchidziwa ndipo mnzake wachiiwala, ayenera kuchitchula kwa jaji. Chimene amaloledwa n'kuyesa umboni wa boma ndi kunena kuti sunakwane. Ndipo nthawi zambiri ntchito yake imakhala ina: kumuuza munthuyo mosabisa kuti umboni wamupanikiza, kuti kuvomera msanga kumachepetsa chilango, ku England mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiyeno kuima pamaso pa jaji kufotokoza za ana amene atsale, za umphawi umene udamukankha, ndi za kulapa kwake. Ntchito yopempha chifundo m'malo mwa wolakwa amene wavomera sitikuona Msilamu amene angaitche yonyansa.

Nanga gawo lotsala lija, loyesa umboni wa boma pamene ukudziwa kuti munthuyo adachita? Apa tivomereze kuti mtima wathu sukhazikika monga ukhazikikira wa Mngerezi. Mbali imodzi, Shariah nayonso imaika mtolo wa umboni pa wosuma, ndipo pa zilango za hudud imalamula kuti chikayiko chipulumutse woimbidwa mlandu. Tikukumbukira mmene Mtumiki (s.a.w) adatembenukira kumbali kangapo pamene Ma'iz adabwera kudzaulula tchimo lake. Kufunsa boma kuti litsimikize mlandu wake si bodza, ndipo boma likazolowera kumanga anthu popanda umboni chifukwa chakuti lero lagwira wolakwa weniweni, mawa lidzamanga wosalakwa m'njira yomweyo. Koma mbali inayo, tchimo la Ma'iz linali pakati pa iye ndi Mlengi wake. Magazi a munthu ndi chuma cha mwana wamasiye zili ndi eni ake pansi pano. Loya amene akudziwa kuti munthu wake adapha, nagwiritsa ntchito luntha lake kusokoneza mboni yonena zoona mpaka iyambe kudzikayikira, ngakhale buku la malamulo a ntchito litamulola, ife tikuona kuti wayandikira moto uja. Kuganiza kwathu n'kwakuti Msilamu wogwira ntchitoyi, akamva chiululo chotere, ayambe ndi nasiha: amulangize munthuyo kuvomera ndi kubweza za eni. Akakana, angathe kuonetsetsa kuti mlandu ukuyenda mwa lamulo ndi kuti munthuyo sakuponderezedwa, koma asakhale chida chonyozetsera mboni yolungama. Ena mwa anzathu ophunzira anganene kuti auleke mlanduwo basi, ndipo sitingawatsutse mwamphamvu. Koma tizindikire kuti zochitika zotere n'zochepa. Ambiri oimbidwa milandu amauza maloya awo kuti sadachite, ndipo loyayo sadalipo pamene zinkachitika.

Milandu ya chuma ili ndi msampha wake. Malamulo a England, monganso athu, amaika nyengo imene ngongole ingasumiridwe. Nyengoyo ikadutsa, wangongole akhoza kukana kulipira ndipo khoti limamumasula. Barrister adzamuuza munthu wake za khomo limeneli, chifukwa ndi ntchito yake kumuuza zonse zimene lamulo likunena. Koma akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo ngongole pamaso pa Allah siifa ndi kalendala. Apa tchimo lalikulu lili pa mwini ngongoleyo amene wasankha kutulukira pakhomo limenelo. Timakonda kunena kuti maloya ndi abodza, koma bodza limene loya amalinyamula kupita nalo kwa jaji nthawi zambiri timamusenzetsa ndife, titakhala mu ofesi mwake titavala kanzu yoyera.

Kuti tione mmene dziko limakhalira khomo lija likatsekedwa, sitifunika kupita ku London. Orton Chirwa adavomerezedwa kukhala barrister ku Lincoln's Inn m'chaka cha 1958, Mmalawi woyamba kufika pamenepo. Adakhala mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party, ndipo pa ufulu wa 1964 anali nduna ya zachilungamo. Atasemphana ndi Dr Banda chaka chomwecho adathawira kunja. Kumapeto kwa 1981 iye ndi mkazi wake Vera, nayenso loya wophunzira ku London, adagwidwa cha kumalire a Zambia. Adaimbidwa mlandu woukira boma, osati ku High Court, koma ku khoti la mafumu la chigawo cha kummwera, limodzi mwa makhoti amene kuyambira 1969 adapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya imfa ndipo sankalola maloya. Munthu amene adaphunzira m'mabwalo a lamulo lonyamula aliyense adaima yekha ndi mkazi wake, popanda wowaimira. Adagamulidwa kuti anyongedwe mu 1983. Chilangocho chidasinthidwa kukhala cha moyo wonse mu 1984. Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatuluka mu Januwale 1993. Masiku amenewo wailesi inkawatcha zigawenga, ndipo ambiri adakhulupirira, kapena adakhala chete. Malamulo aakulu a dziko a 1994 atalembedwa, gawo 42 lidaika ufulu wa woimbidwa mlandu kukhala ndi loya, ngakhale wolipiridwa ndi boma pamene chilungamo chikufuna kutero. Amene adalemba gawolo ankakumbukira zimene adaziona ndi maso.

Tisanatamande Angerezi mopitirira, tiyang'anenso mawu aja akuti ngati malipiro ake ndi oyenera. Takisi imanyamula aliyense, inde, koma aliyense amene ali ndi ndalama yolipira. Kampani yamafuta ikafuna King's Counsel imamupeza tsiku lomwelo. Mnyamata wa mumsewu amadalira thumba la boma lolipirira osauka, ndipo thumbalo ku England lakhala likuchepa, mpaka mu Seputembala 2022 ma barrister a milandu ya upandu adanyanyala ntchito, nabwerera mwezi wotsatira boma litawonjezera malipiro ndi 15 peresenti. Pa masabata amenewo milandu idaima, anthu ali m'chitokosi. Ndiponso woyendetsa wosafuna kunyamula munthu amadziwa kunena kuti galimoto yadzaza. Kalaliki akhoza kungoyankha kuti bwana alibe mpata sabata imeneyo, ndipo ndani angatsimikize? Lamuloli limagwedezekanso kuchokera kwa anthu a chikumbumtima. Mu Malichi 2023 maloya oposa 100 ku Britain adalengeza kuti sadzaimiranso makampani ofuna kukumba mafuta atsopano, ndipo sadzasumira anthu ochita zionetsero zamtendere pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Cholinga chawo tikuchimva, ife amene nyanja yathu ndi minda yathu zaona kale kusinthako. Koma ngati loya wabwino aloledwa kusankha mlandu motsatira mtima wake, woipa nayenso adzasankha motsatira mtima wake, ndipo pa mndandanda wa osafunidwa ku Ulaya lero, Msilamu wa ndevu woimbidwa mlandu wa uchigawenga sakhala kutali ndi pamwamba. Abale athu ena otere adamasulidwa chifukwa panali munthu, nthawi zina wosakhulupirira ngakhale Mulungu, amene lamulo la nyumba yake silidamulole kuwabweza.

Lachisanu lotsatira tidakhala pansi ndi bambo aja pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, ndipo tidawafotokozera zimenezi mwachidule. Tidawauza kuti ntchitoyo payokha si ya haramu, kuti m'kati mwake muli malo oterera amene tawatchula, ndi kuti mwanayo afunika kuphunzira fiqh ya umboni ndi ya wakala pamodzi ndi malamulo a dziko, kuti akadziwe poima kasitomala wolemera akadzamupempha kunama. Tidawapemphanso kuti amufunse mwanayo ngati angathe kuuza munthu womulipira mawu osakoma, ndiponso ngati angapirire kunyozedwa ndi mudzi wonse chifukwa choima pafupi ndi munthu wodedwa, pakuti zonse ziwiri adzakumana nazo.

Bambowo adakhala chete nthawi yaitali akusewera ndi tasbihi. Kenaka adatiuza chimene sadatiuze tsiku loyamba lija: mwana wa mlongo wawo wakhala pa rimandi miyezi isanu ndi iwiri tsopano pa nkhani ya maukonde amene adasowa padooko, sadaonanepo ndi loya, ndipo iwo eni, malume ake, sadapiteko kukamuona chifukwa cha manyazi. Adafunsa ngati bungwe la Legal Aid Bureau limathandizanso anthu a milandu ngati imeneyo, ndi mapepala amene ayenera kunyamula. Tidagwirizana zonyamuka limodzi Lolemba m'mawa, ikangotha swala ya Fajr.